Bwato pa Mabuloko ku Kanyama

Bwato linafika pakhomo panga mwezi wa Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi, litamangiriridwa pamwamba pa matumba a makala. Ndinali pakhonde ndikusoka nsapato pamene lole inaima kumsewu, chifukwa ku Kanyama galimoto yaikulu singalowe m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, anadumphira pansi nkhope ili bii ndi makala, mano okha akuyera.

"Ba mulamu, bwelani muone! Njala yasila pano!"

Ndinaika nsapato pansi n'kupita. Linali bwato losema, la mtengo umodzi, lonunkha nsomba ndi matope, m'kati muli mamba ouma. Anthu anali atayamba kale kusonkhana. Ndinamufunsa kumene walitenga, ndipo anati ku Kafue, kwa msodzi wina wokalamba amene analandira njinga yake ndi wailesi ya kaseti.

"Nanga mtsinje mwausiya kuti, alamu?"

"Uli komweko, suthawa. Kuja kuli akawalala. Tiyambe tasonkhanitsa katundu wa m'bwato kuno ku tauni, vonse vikakwana tibwerera."

Apo ndinadziwa kuti nanenso ndili m'ulendowo, ngakhale panalibe amene anandifunsa.

Tonse awiri kwathu ndi ku Chadiza, kumene mtsinje umene tinkautcha waukulu mwana amawoloka atangopinda kabudula. Panalibe mmodzi wa ife wodziwa kusambira. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya nsalu, kuyang'anira makina, mpaka zaka zija makampani anayamba kugulitsidwa ndi kutsekedwa, anthu n'kumabwerera kunyumba masana atanyamula maovololo m'manja. Iye anali wothandiza dalaivala pa kampani yonyamula katundu, imene inatseka yathu isanatseke. Ntchito itatha anayamba kupita ku Chibolya, kumene kachasu amapezeka munthu asanasukusule kumaso. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake ku Kitwe. Iye anadzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu, ndipo kawiri konse ndinakamutola m'ngalande.

Mkazi wanga atatsala ndi masiku ochepa, anandigwira dzanja m'chipatala nati, "Uja musamutaye. Ndi wopusa, koma ndi wathu." Ndinavomera, pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa namwino amene ankayala bedi la pafupi. Chichokereni tsiku limenelo, ntchito yanga yaikulu inali kuona kuti munthuyu asabwererenso m'ngalande.

Ku Kanyama chilichonse chimene munthu amachikonda amachiika pa mabuloko. Pansi pathu ndi thanthwe, ndiye mvula ikagwa madzi alibe kolowera koma m'nyumba. Bedi lili pa mabuloko, kabati ili pa mabuloko, thumba la ufa lili pa mabuloko, ndipo mwana amadziwa asanayambe sukulu kuti madzi ndi mdani wa katundu. Tsiku lomwelo tinanyamula bwato anthu asanu ndi mmodzi n'kulikhazika pa mabuloko anayi pafupi ndi khoma loyang'ana kumadzulo, pamene dzuwa limamenya masana onse. Mabulokowo ndinapereka ndine. Ndinkawasunga kuti ndidzamangire chimbudzi chatsopano. Mlamu analipukuta ndi chiguduli mpaka linauma gwa, nalimanga ndi tcheni ku mtengo wa mapapaya. Tinaima n'kumaliyang'ana tili okhutira, tikuuzana kuti ngakhale mvula itabwera mwadzidzidzi, madzi sadzalikhudza.

Kenako kunayamba kusaka katundu. Nkhafi, mtengo wopalasira uja, panalibe, popeza msodziyo anakana kupereka yake. Ine ndinkayesa kuti tiyambira pamenepo. Koma tsiku lachitatu mlamu anafika akugubuduza chitsulo cha buleki ya lole, chadzimbiri, chimene chinasiya mzere m'njira yonse kuchokera kumsewu.

"Nangula," anatero akupukuta thukuta.

"Alamu, chimenechi tikuchinyamula anthu awiri."

"Ndiye kuti chigwira bwino. Mufuna madzi atitenge mpaka ku Mozambiki?"

Sabata yotsatira anabwera ndi mpando wa m'minibasi, wa anthu awiri, miyendo yake yachitsulo ili pompo. Anati waganizira msana wanga. Kenako batire la galimoto ndi nyali yake, chifukwa munthu wina pamsika anamuuza kuti nsomba zimatsata kuwala. Kenako ambulera yaikulu ya pa malo ogulitsira zakumwa, yothyoka nthiti ziwiri. Kenako mbaula, kuti nsomba tizikaotcha pamadzi pomwepo zisanaziziritse magazi. Chilichonse akabwera nacho ankachiika m'bwatomo n'kuphimba ndi masaka, kuopa maso a anthu, mpaka pansi pa bwato sipankaonekanso.

Aphungu sanasowe. Bambo wina wa ku Ndola amene anawolokapo mtsinje kamodzi pa pantoni, chombo chowolotsa magalimoto, anasanduka katswiri, ndipo madzulo alionse ankabwera kudzawonjezera chinthu china. Anyamata obadwira m'tauni momwemo, amene sanaonepo madzi oposa a m'ngalande, ankadutsa akuchita sawatcha n'kumakuwa kuti, "Ba kaputeni, sitima inyamuka liti?" Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pampanda nati, "Ba tata, bokosi mwagula kale, mwatithandiza." Anaseka, nanenso ndinamwetulira, koma mawuwo anandikhala pamtima masiku angapo, popeza bokosi ndinali nditagula limodzi posachedwapo.

Bwalo langa linasanduka la osula zitsulo. Chingwe choyanikira zovala ndinachisuntha katatu. Tsiku lina Lachinayi mapemphero a chigawo chathu anali kwa ine, ndipo amayi a mpingo anakhala mozungulira bwatolo ngati ali pa maliro, mkulu wa mpingo mnzanga atakhala pa nangula. Tili pakati pa pemphero nkhuku inatuluka m'masaka aja ikutetera, itaikira dzira pa mpando wa minibasi. Amen wa tsiku limenelo anatuluka m'mphuno.

Wina angafunse chifukwa chimene sindinayankhulire. Chifukwa chake n'chakuti miyezi imeneyo mlamu sankamwa. Ankadzuka m'mamawa, kusamba, n'kuyenda wapansi mpaka kumsika wa m'tauni kukafufuza m'milu ya zitsulo zakale, kwinaku akugwira maganyu osenza katundu. Ankabwera madzulo mapazi ali mbuu, ndipo akamandipatsa moni ndinkasendera pafupi ngati sindinamve, kuti ndinunkhize mpweya wake. Unali woyera. Ndinaona kuti malinga ngati pali chinthu china chosowa m'bwato, munthuyu ali ndi kopita kumene si ku Chibolya. Choncho ndinkameza mawu. Tsiku lina, Mulungu andikhululukire, nditaona kuti watsala pang'ono kunena kuti zakwana, ndinamufunsa ngati sipafunika chingwe chachiwiri cha nangula. Anachisaka masiku asanu.

Chinthu chimodzi chokha ndinachinena poyera. Ndinati, "Alamu, inu ndi ine sitisambira. Bwato likagudubuka tidzatani?" Anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru koyamba, ndipo Loweruka anabwera ndi jekete la pa salaula, pa zovala zakale zochokera kunja zija. Linali lofiira, lofufuma, la kumayiko ozizira, lofika m'mawondo.

"Gwirani, ba mulamu. Ni mphepo yekayeka mkati. Wogulitsa wati ba m'sitima ndiye vamene bavala. Munthu sangamire."

Ndinaligwira n'kulifinya. Linali ngati pilo. Ndinamukumbutsa kuti mlongo wake akachapa pilo tinkafinya anthu awiri, ndipo ankauma masiku atatu.

"Imwe mumaopa vonse," anatero, n'kulipachika pamsomali m'chipinda chake ngati suti ya ukwati.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera mlendo amene ankadziwadi za mabwato. Anali mayi wa ku Luapula, wogulitsa nsomba zouma pamsika wathu, mnzake wa malemu mkazi wanga. Anamva mbiri ya bwato la pa mabuloko ndipo anafuna kudzionera yekha. Sanakhale pansi ngakhale ndinamupatsa mpando. Anazungulira bwatolo, naligogoda ndi chala, naika chikhato pa mtengowo n'kuchichotsa msanga chifukwa unkatentha.

"Mwe bantu! Ndani wayanika bwato pa dzuwa monga kapenta?"

Ndinati taliika pamwamba kuti lisaole.

"Litsitseni, mulikokere pamthunzi. Muzithira madzi mkati, ndowa ziwiri tsiku lililonse, n'kuphimba ndi masaka onyowa. Mtengo uwu unazolowera kumwa. Mukaumana madzi udzang'ambika."

Mlamu anaseka mpaka kugwira khoma. "Ba mayo, bwato ni lakuti madzi ankhale kunja. Manje ise tithire mkati?" Bambo wa pantoni uja anaseka nawo, ndi ena amene anali pampanda. Ine sindinaseke, koma m'mutima ndinkawerenga mtunda wa kumpopi. Madzi ankatuluka m'mawa mokha, mzere wa ndowa unkayamba kusanayere, ndipo ndowa ziwiri zimene ndinkatha kusenza zinali zophikira ndi zosamba. Kuwonjezera zina ziwiri kuti ndimwetse chipika, anthu akuona? Ndinadziuza kuti mwina ndi mwambo chabe wa kwawo, monga mitundu ina imathira ufa patsinde pa mtengo. Ndinamuthokoza mwaulemu wonse, ndipo sindinachite.

Asanapite anavundukula saka limodzi n'kuyang'ana mulu uja nthawi yaitali.

"Nkhafi zili kuti?"

"Tidzapeza, ba mayo."

"Chokapira madzi chili kuti?"

Tinayang'anana.

Anatiuza atatembenukira kwa ine, ngati mlamu palibe. Anati nkhafi zikhale ziwiri, chifukwa imodzi tsiku lina idzagwera m'madzi. Chokapira chikhale chomangirira ku bwato ndi chingwe. Aliyense amange m'chiuno chigubu chopanda kanthu, chotseka bwino. Kupatula apo mbedza, chingwe chowedzera, mpeni ndi chipewa. "Ivi vinangu," anatero akuloza ndi mlomo, "kapatseni osula mbaula." M'mawa mwake anabweranso yekha atanyamula chigubu cha mafuta ophikira chotsuka bwino, ndi china chodula pakati kuti chikhale chokapira. Anati sakuchitira ife, akuchitira mnzake amene anagona.

Nkhafi mlamu anakasemetsa kwa kalipentala, monyinyirika. Chigubu ndinachisunga pansi pa bedi langa. Chokapira anachikoloweka pa mtengo wa mapapaya, akuti chikuoneka ngati cha kuchimbudzi, ndipo patapita sabata ndinachipeza akuthiriramo gaga wa nkhuku.

Mwezi wa Okutobala dzuwa linakwiya monga limachitira. Masana ena ndili pamthunzi ndinamva phokoso lakuti thaa, ngati chikwapu cha woyendetsa ngolo. Ndinayang'ana padenga, ndikuyesa ndi malata. Sabata imeneyo ndinalimva kawiri kapena katatu. Sindinapite kukavundukula masaka.

Mvula itayamba tinagula pepala lapulasitiki n'kuphimba bwato lonse, m'mbali n'kutsindira ndi miyala. Mu Januwale madzi analowa m'nyumba monga mwa chaka chilichonse. Ndinkatsika pabedi n'kuponda m'madzi ofika m'akakolo, nsapato zili pakabati, achule akulira kukhitchini. Chinthu chokha chouma pakhomo ponse chinali bwato.

Kumalire a komboni kuli chidzenje chimene anthu anakumbamo miyala yomangira kwa zaka zambiri. Nthawi ya mvula chimadzaza n'kukhala ngati dziwe, ndipo palibe amadziwa pamene pali posaya ndi pamene thanthwe limatsika mwadzidzidzi. Mlamu anati tikayesere bwato mmenemo tisanalikweze lole. Ndinavomera. Ndinaona kuti ngati tichite manyazi, kuli bwino pafupi ndi kwathu kusiyana ndi pakati pa ng'ona ndi mvuu.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa likuwala. Amuna asanu ndi atatu anasenza bwato katundu yense ali momwemo, chifukwa mlamu anakana kuti tisasule zimene anakonza. Theka la Kanyama linatitsatira. M'mbali mwa dzenjelo munali amayi ophwanya miyala, atakhala pa milu yawo ndi nyundo zawo, ndipo anasiya ntchito kuti aone. Mlamu anavala jekete lake n'kukoka zipi mpaka pakhosi, thukuta likuyenderera. Ine ndinamanga chigubu m'chiuno.

"Ba shikulu, mupita kutapa madzi?" anandikuwira mnyamata wina, kunditcha gogo, anthu n'kugwa ndi phwete.

Ndinafunsa za chokapira. Mlamu anati chatsala kunyumba, ndipo malo ake mulibe. Ndinavula chipewa, ndinapemphera mawu ochepa chamumtima, n'kukwera. Titakhala tonse pa mpando wa minibasi, milomo ya bwato inatsala zala ziwiri pamwamba pa madzi. Bambo wa pantoni anati ndi mmene limayenera kukhalira. Anatikankha.

Titapalasa kachitatu ndinamva kuzizira kumapazi. Ndinaweramira pansi n'kukweza saka. Pansi pa mpando panali mng'alu wautali ngati mkono wanga, woti chala n'kulowa, ndipo madzi ankatumphuka mmenemo mwakachetechete ngati kasupe.

"Alamu, madzi."

"Ni ya pa nkhafi. Palasani chabe, bantu batiyang'ana."

"Alamu, bwato lang'ambika."

Madzi anafika m'akakolo. Ndinavula nsapato, yomwe ija ndinkasoka tsiku limene bwato linafika, n'kuyamba kukapa nayo. Theka la madzi linkatulukira m'misoko yanga yomwe. Ndinamuuza kuti ataye batire. Anakana, akuti analivutikira. Ndinamuuza kuti tibwerere, koma aliyense ankapalasira kwake ndipo bwato linkangozungulira, likusendera pakati. Pamenepo mlamu anaimirira. Anati aponye nangula kuti tiime kaye tiganize. Anakumbatira chitsulo chija, nachikweza mpaka pamlomo wa bwato, ndipo chinapita, bwato n'kuchitsatira.

Za m'madzi ndimakumbukira pang'ono. Anali obiriwira, owawa, madzi a m'zimbudzi zonse za kumtunda. Chigubu chinandikoka m'chiuno, mutu uli pansi, mpaka ndinachikumbatira pachifuwa n'kutulukira. Mlamu anali pafupi. Jekete lake linayandama kanthawi kochepa, lili tumbi ngati chule, kenako linayamba kumwa. Ndinaona likuda mtundu kuyambira m'munsi. Manja ake analephera kukwera. Panatsala nkhope yokha, pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu.

Ndinamugwira pa kolala ndi dzanja limodzi. Chigubu chopangira munthu mmodzi chinamira mpaka madzi anandifika pachibwano. Ndinamuuza kuti avule, koma zipi inakana. Kumtunda amuna onse aja ankakuwa, aliyense akupereka nzeru yake, osaponda m'madzi ndi mmodzi yemwe. Amene anatipulumutsa anali amayi ophwanya miyala. Anamasula zitenje zawo, kuzilumikiza mfundo ndi mfundo, kumanga mwala kunsonga, n'kuponya. Kachiwiri mwalawo unandimenya paphewa ndipo ndinaluma nsaluyo ndi mano, popeza manja onse anali ndi ntchito, mpaka ndinaikulunga pamkono. Anatikoka ngati ng'ombe zogwera m'chitsime.

Jekete analing'amba ndi mpeni. Linagona pamiyala ngati mbuzi yakufa, ndipo mayi wina atayesa kulinyamula ndi dzanja limodzi analephera. Mlamu anasanza madzi atagwada. Anthu anadikira mpaka anaona kuti akupuma, ndiyeno kuseka kunayamba, kuseka kuja kumene kumabwera mantha akatha.

"Ba kaputeni, nsomba zili kuti?"

Mlamu anaimirira osayang'ana munthu. Sanalowere njira ya kunyumba. Analowera njira ya kutauni, ndipo ndinadziwa kumene imathera.

Ndinamutsatira ndili chinyowere, nsapato imodzi kuphazi, chigubu chikundimenya m'matako chifukwa mfundo inalimba. Ndine munthu wosakwiya msanga. Mkazi wanga ankati mkwiyo wanga umayenda wapansi kuchokera ku Chadiza. Tsiku limenelo unafika. Njira yonse ndinkayankhula ndekha, ndipo anthu ankandipatukira.

Ndinamupeza ku Chibolya, kuseri kwa mpanda wa mapepala ndi malata akale, atakhala pa thini, kapu ili m'manja. Mayi wogulitsa kachasu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapato.

"Ba mkulu wa mpingo, mwasochera?"

"Sindinasochere, mayi. Ndabwera kwa alamu anga."

Ndinaima patsogolo pake n'kutulutsa zonse za miyezi isanu. Ndinanena za nangula, za mpando, za nkhuku ya pa mapemphero, za chokapira chimene anadyetsera nkhuku, za pilo amene anavala kuti akamire naye. Amuna amene ankamwa pamenepo anasiya nkhani zawo. Mmodzi anati, "Bauzeni, ba tata," ndipo ndinamuyang'ana mpaka anatembenuka. Mlamu ankangotembenuza kapu m'manja. Mpweya utandithera ndinakhala pa buloko limene linali pafupi, ndipo nditaliona bulokolo mawu ena anabwera amene sindinawakonzekere.

"Koma mabuloko anali anga, alamu. Mayi uja ananena ndili pompo, ndipo ndinaopa mzere wa kumpopi. Ndinamva bwato likung'ambika ndipo ndinayang'ana padenga. Zitsulo zonse zija ndinkadziwa kuti n'zachabe. Ndinkakusiyani kuti muziyenda, musabwere kuno."

Anakweza maso koyamba. "Mwenze kundiona monga mwana."

"Inde."

Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali, kenako anamwa zonse kamodzi. Sindinamuletse.

"Mlongo wanga sembe aseka," anatero.

"Akanatitukwana tonse awiri. Ndipo madzi akanathira."

Mayi wogulitsa anabwera ndi botolo kuti awonjezere. Ine ndinaimirira n'kunena kuti bwato lili m'dzenje, ndipo mawa ndikatuluka m'tchalitchi ndikalowa m'madzimo kukalikoka, kaya mlamu abwera kaya sabwera. Ndinamukumbutsa kuti sindisambira ndipo chigubu n'chimodzi. Ankandidziwa kuti sindinena zinthu kawiri. Ndinatuluka osacheuka. Nditafika pamsewu ndinamva mapazi onyowa akubwera pambuyo panga, ndipo tinayenda choncho mpaka ku Kanyama, iye pambuyo ine patsogolo.

M'dzenje sitinalowe. Mayi wa ku Luapula anali atamva kale, monga mmene Kanyama yense anamvera, ndipo anatidikira pakhonde. Sanatiseke, ngakhale ndikanakonda akanaseka kusiyana ndi mmene anatiyang'anira. Anati tilisiye bwato momwemo limwe. Linali chafufumimba pakati pa dzenje, nangula ataligwira zolimba, ntchito yokhayo imene anaigwira m'moyo wake. Linakhala mmenemo masabata atatu. Ife tinakhala masiku anayi oyamba tikuthamangira kuchimbudzi chifukwa cha madzi tinamwa aja, ndipo m'masiku amenewo ndinalakalaka mabuloko anga.

Kenako bambo wina wodziwa kusambira anapita ndi chubu cha galimoto, nadula chingwe, tonse n'kukoka. Mpando, batire, mbaula ndi nangula zili pansi pa dzenje limenelo mpaka lero. Mng'alu unali utafinyana, woti nsonga ya mpeni yokha n'kulowa. Mayi uja anatisonyeza kung'amba saka m'timizere, kutikhomerera m'mng'alumo ndi mpeni wobuntha, n'kuthirapo phula losungunula limene mlamu anakatola pamene msewu unakumbika. Tinalikokera pamthunzi wa mango wa oyandikana nafe, pansi penipeni. M'mawa uliwonse mlamu ankaima pamzere wa kumpopi pakati pa amayi, atanyamula ndowa ziwiri za bwato. Ankamuseka, iye n'kumawayankha kuti ali ndi mkazi watsopano wokonda kusamba.

Mvula itatha tinapeza lole yopita kukatenga mchenga cha ku Kafue. Bwato linakwera litakutidwa ndi masaka onyowa. Katundu yense analowa m'thumba limodzi la ufa, kupatula nkhafi ziwiri ndi zigubu ziwiri. Chokapira mlamu anachitsuka yekha n'kuchimangirira ku bwato ndi mfundo zitatu. Lole itatsala pang'ono kunyamuka anathamangira kuseri n'kubwera ndi ambulera ija, imene inapulumuka chifukwa inayandama.

"Iyi chabe, ba mulamu. Dzuwa."

Ndinangomuyang'ana, n'kumupatsa chipewa. Anaitsamiritsa pakhoma.

Ndinakhala naye kumtsinje masabata awiri, m'msasa wa udzu pafupi ndi msodzi wokalamba uja, amene atamva za mabuloko anaitana anzake onse kuti ndifotokozenso. Nditaona kuti mkuluyo wamutenga mlamu ngati wake, ndipo akumukalipira mokwanira, ndinabwerera. Madzi si anga. Nsomba imene ndinagwira ndekha inali imodzi, ndipo inali yaing'ono moti anandiuza kuti ndiibweze.

Mlamu anakhala kumeneko zaka zambiri. Ankabwera pakapita mwezi kapena iwiri ndi mtolo wa nsomba zouma, zina n'kupatsa mayi wa ku Luapula kuti agulitse. Sindinganame kuti mowa anausiyiratu, chifukwa asodzi nawo ali ndi mapanda awo a malata. Koma m'ngalande sindinamutolenso, ndipo chaka chachiwiri mkazi wake analola kuti ana akamuone pa tchuthi.

Chimbudzi ndinamanga chilimwe chomwecho, ndi mabuloko anayi aja pansi penipeni. Nditamaliza ndinapita kumanda kukalambula udzu pa malo a mkazi wanga, monga ndinkachitira mvula ikatha. Ndinakhala pamwala n'kumuuza zonse, kuyambira pa lole ya makala. Ndinati, "Mayi, sindinamutaye. Ndinatsala pang'ono kumumiza, koma sindinamutaye." Kenako ndinathira maluwa ake madzi a m'botolo limene ndinabwera nalo, n'kuyamba ulendo wobwerera dzuwa lisanatenthe.